Amplifaya yozima besi ikagunda: lipoti la mawaya a magetsi ndi earth mu Toyota Fielder

Galimoto yake ndi Toyota Corolla Fielder ya injini ya 1NZ-FE, imodzi mwa zakale zochokera ku Japan. Wailesi imene inabwera nayo inkagwira FM ya kwawoko, yoyambira pa 76 kulekeza pa 90 MHz, choncho mwini wake anaichotsa n'kuika ina yokhala ndi USB ndi Bluetooth. Kubuti anamangitsa amplifaya ya sipika ya besi yokha, ya mtundu wa Class D, yolembedwa 500W RMS (mphamvu imene imatulutsa mosalekeza) pa 2 ohm, ndipo pathupi pake pali mafyuzi awiri a 30A. Sipika ndi ya mainchi 12, ya makoyilo awiri a 4 ohm olumikizidwa parallel kuti apereke 2 ohm. Batire ndi NS60, alternator ndi yolembedwa 80A.

Madandaulo a mwini galimoto anali anayi. Nyimbo zikakwezedwa kupyola theka, besi ikangogunda amplifaya inkazima n'kuyatsa getsi lofiira la protect, kenaka n'kuyambanso pakapita masekondi ochepa. Usiku nyali zakutsogolo zinkaphethira motsatira besi. M'masipika munkamveka kulira kopyapyala kokwera ndi kutsika limodzi ndi injini. Ndipo galimoto ikagona masiku awiri osalizidwa, mmawa inkafuna yokankha. Asanabwere nayo anali atasintha kale amplifaya kamodzi poganiza kuti yoyambayo ndi yakufa, ndipo anali atagulanso capacitor ya 1 farad. Zonsezi sizinasinthe kanthu.

Zimene mita inaonetsa

Injini itazima, batire inali pa 12.5V. Injini ikulira payokha, pabatire panali 14.1V, kutanthauza kuti alternator ikutchaja bwino. Pamateminolo a amplifaya, nyimbo zisanayambe, mita inawerenga 14.0V. Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Akaona 14V pa amplifaya amati magetsi akufika, ndiye vuto ndi amplifaya. Koma kachingwe kamodzi kokha ka mkuwa kakhoza kuonetsa 14V ngati palibe chikukoka magetsi. Waya amaonekera mphamvu zake akasenza katundu, choncho kuyeza kothandiza ndi kumene kumachitika amplifaya ikugwira ntchito yolemetsa.

Tinaseweretsa kaphokoso koyesera ka 50 Hz kudzera pa USB, n'kukweza pang'onopang'ono mpaka kungotsala pang'ono kuti amplifaya izime. Clamp meter, mita yoyeza ma ampere poipanitsa pa waya, inaonetsa 38A pa waya wa pozitivi. Pabatire panali 13.6V, koma pa amplifaya panali 10.4V. Mavolti 3.2 ankatayika m'njira. Ma amplifaya ambiri amadzizimitsa okha magetsi akatsikira cha m'ma 10V, ndiye getsi lofiira lija linali kunena zoona.

Chotsatira ndi kupeza mbali imene ikudya magetsiwo. Pamafunika waya wautali wowonjezera ku chingwe chimodzi cha mita kuti chifike ku batire. Mita ikhale pa DC volts, nyimbo zikulira. Chingwe chimodzi pa mutu wa pozitivi wa batire, china pa teminolo ya +12V ya amplifaya: 1.3V. Kenaka chingwe chimodzi pa mutu wa negativi wa batire, china pa teminolo ya GND (polowa earth, waya wobwezera magetsi ku batire kudzera m'bodi ya galimoto): 1.9V. Pa ntchito yomangidwa bwino, mbali ya pozitivi siyenera kupyola 0.5V ndipo ya earth iyenera kukhala pansi pa 0.3V. Apa mbali zonse ziwiri zinali zodwala, koma ya earth ndiyo inali itanyanya.

Kuyeza earth ndi mita ya ohm kapena ndi kabelu kake kolira sikuthandiza pa ntchito imeneyi. Tikagawa 1.9V ndi 38A tikupeza 0.05 ohm. Zingwe za mita zokha zimawerenga 0.2 kapena 0.3 ohm, kotero 0.05 imabisala m'menemo ndipo mita imalira ngati zonse zili bwino. Komatu 0.05 ohm pa 38A ikutulutsa kutentha kwa 72W, ndipo kwambiri mwa kutenthako kunkasonkhana pa bawuti imodzi, pansi pa kapeti.

Zimene zinapezeka kapeti itavundukulidwa

Waya wa earth anali wautali mita imodzi ndi masentimita 20, atapita ku bawuti ya lamba wa mpando wakumbuyo. Panalibe lagi, kachitsulo kabowo kofinyidwa kumapeto kwa waya kuti amangike bwino pa bawuti. Womangayo anangosenda waya, kuzungulizitsa timawaya take pa bawuti ndi kumanga pamwamba pa penti. Timawaya tina tinali titaduka, totsalato titada ngati makala, ndipo kapeti ya pamalopo inali itauma gwa, mbali yake ya pansi itasungunuka. Bawuti ya lamba imaoneka yokopa chifukwa ndi yaikulu ndiponso ili pafupi, koma si malo a earth. Pansi pake pali penti, mazinga ake kawirikawiri amakhala ndi mankhwala oletsa kumasuka, ndipo kuika chinthu chofewa pansi pa mutu wake ndi kusewera ndi moyo wa munthu wokhala pampandopo.

Waya wa pozitivi pachikopa pake panalembedwa 4 gauge, ndipo kunja ankaonekadi wonenepa. Titamudula, zambiri zinali pulasitiki. Chitsulo cha m'kati chinali cha m'ma 8 mm², pamene 4 gauge weniweni, amene amalembedwanso 4 AWG, ndi 21 mm². Titapala kachingwe kamodzi ndi mpeni, utoto wa mkuwa unachoka n'kutsala choyera. Ameneyu ndi waya wa CCA, aluminiyamu wokutidwa ndi mkuwa pang'ono. Amadziwikanso ndi kupepuka m'manja, ndiponso timawaya take tikayandikizidwa ku moto wa laita timapindika n'kufota msanga pamene ta mkuwa timangofiira. CCA amadutsitsa magetsi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mmene mkuwa wofanana naye kukula umachitira, ndipo akalowa chinyezi amayera n'kuyamba kufumbutuka pa malo olumikizira. Mamita asanu a waya ameneyu pa 38A ankadya pafupifupi 0.65V. Mavolti ena otsalawo ankathera pa mutu wa batire, pamene waya anangopanikizidwa pansi pa nati, ndi m'kabokosi ka fyuzi yagalasi kamene timapanga take tinali titalefuka ndi kutentha.

Choopsa koposa zonse chinali malo a fyuziyo. Inamangidwa kubuti, pafupi ndi amplifaya. Kuchokera ku batire, mamita anayi ndi theka a waya analibe chitetezo chilichonse. Wayayo analowa m'galimoto kudzera pa bowo lobooledwa ndi dirilo pa chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu, popanda mphira, ndipo m'mphepete mwa bowolo munali mutadya kale chikopa chake kufika theka. Tsiku limene chikanabooka, batire ikanakhuthula ma ampere mazanamazana m'wayamo, ndipo waya wodutsa pansi pa kapeti ndi mipando akanafiira m'masekondi owerengeka. Fyuzi ya pa waya wamkulu ntchito yake ndi kuteteza wayayo ndi galimoto. Amplifaya ili kale ndi mafyuzi ake.

Za batire yomatha zinali zosavuta. Teminolo ya REM, polowa waya wa remote woyatsa ndi kuzimitsa amplifaya limodzi ndi wailesi, inalumikizidwa ndi kachidutswa ka waya ku +12V ya amplifaya yomweyo, choncho amplifaya sinkazima ngakhale kiyi atachotsedwa. Inkakoka 0.8A usana ndi usiku. Pa maola 48 amenewo ndi ma ampere-hour 38, pamene NS60 yonse ndi ya pafupifupi 45. Galimoto yozimitsidwa bwino siyenera kukoka kupyola 0.05A.

Kuwerengera kukula kwa waya ndi fyuzi

Chiwerengero chodalirika ndi cha RMS, osati chija chachikulu cholembedwa pa katoni. Class D imatembenuza pafupifupi magawo 80 pa 100 a magetsi olowa kukhala mawu. Kuti itulutse 500W imafuna 625W, ndipo tikagawa ndi 13.8V tikupeza 45A. Ikanakhala ya Class AB, imene imataya pafupifupi theka ngati kutentha, ikanafuna kupyola 60A. Njira yachidule yotsimikizira ndi kuphatikiza mafyuzi a pathupi pa amplifaya, apa 30 ndi 30 kukhala 60A. Amplifaya yolembedwa masauzande a ma watt koma ili ndi fyuzi imodzi ya 20A singathe kutulutsa kupyola ma watt mazana awiri ndi pang'ono.

Mkuwa wa 8 AWG, umene ndi 8.4 mm², pa mamita asanu ndi 45A umataya 0.46V, osawerengera malo olumikizira. Ukhoza kugwira ntchito, koma uli pamalire. Wa 4 AWG pa mtunda womwewo umataya 0.18V. Tinasankha 4 AWG wa mkuwa weniweni. Kumene wa mtundu umenewu sakupezeka kapena wakayikitsa, kebulo ya makina owotcherera zitsulo ya 25 mm² imagwira bwino kwambiri, chifukwa ndi ya mkuwa, ndi yofewa popinda, ndipo chikopa chake chimapirira kukhuzika. Fyuzi tinaika ya mtundu wa ANL ya 80A. Iyenera kukhala yokulirapo kuposa zimene amplifaya imakoka, koma yocheperapo kuposa zimene waya angasenze, ndipo 4 AWG wa mkuwa amapirira 100A mosavuta.

Zina zofunika zinali malagi anayi a mkuwa a 25 mm², heat shrink, mphira ya pabowo, paipi ya pulasitiki yong'ambika m'mbali yokutira waya ku injini, bawuti ya M8 ndi nati yake yosamasuka, washa wa mano, sandipepa, girizi, waya wopyapyala wa remote mamita asanu, ndi RCA yatsopano, chingwe chotenga mawu ku wailesi kupita ku amplifaya.

Mmene ntchito inayendera

Choyamba ndi kuchotsa negativi ya batire, ndipo sibwerera mpaka zonse zitatha. Sipanala ikakhudza pozitivi ndi bodi nthawi imodzi negativi ili pamalo pake, imawotcherera pomwepo.

Waya wa pozitivi anayambira pa bawuti ya teminolo ya batire, ndi lagi yofinyidwa ndi chofinyira chenicheni. Kufinya ndi pulayala kumasiya mipata m'kati, ndipo mipata imeneyo ndiyo imayamba kutentha. Lagi yofinyidwa bwino siisuntha ngakhale mutaikoka ndi mphamvu zonse. Kabokosi ka fyuzi kanamangidwa masentimita 20 kuchokera ku batire, pa chitsulo cholimba, osati kungolendewera. Lamulo lodziwika ndi lakuti pasapyole masentimita 45, koma kufupikira ndiye kwabwino, chifukwa kachidutswa ka pakati pa batire ndi fyuzi ndi kokhako kopanda chitetezo. Fyuzi yeniyeniyo inasungidwa pambali kudikira mapeto.

Bowo lakale tinalisalaza ndi tupa, kulipaka penti, n'kuikapo mphira yokwana bwino. Ku injini waya anakutidwa ndi paipi ija, n'kumangidwa ndi timalamba pa masentimita 20 aliwonse, kutali ndi ekizozi ndi chilichonse chozungulira. Waya asanalowe pabowo anapindidwa pang'ono cha pansi kuti madzi a mvula oyenderera pa iye azidontha panja m'malo molowa pa kapeti. M'kati anadutsa pansi pa mapulasitiki a m'munsi mwa zitseko, mbali ya kumanzere kumene kuli batire, osayandikira njanji za mipando. RCA ndi remote zinadutsa mbali ya kumanja.

Earth ndiyo inatenga nthawi yambiri, ndipo iyenera kutero. Magetsi onse olowa pa pozitivi amabwerera ku batire kudzera pa earth, choncho waya wake akhale wofanana kukula ndi wa pozitivi, ndipo afupike. Apa anakwana masentimita 35. Malo ake tinasankha pa chitsulo chokhuthala cha pansi pa buti, chimene ndi mbali ya bodi yeniyeniyo. Tizitsulo togwirizira mapulasitiki, tolumikizidwa ndi timadontho tiwiri ta welding, sitikwanira. Tisanaboole tinayang'ana kunsi kwa galimoto ndi tochi, chifukwa m'dera lomwelo muli thanki ya mafuta, mapaipi a mabuleki ndi mawaya a nyali zakumbuyo. Dirilo inakulungidwa tepi pa sentimita imodzi kuti isalowe mopitirira.

Penti inapalidwa mpaka chitsulo chitawala, malo okulirapo pang'ono kuposa lagi. Pansi pa penti ya pamwamba pali ina yotuwa yoteteza dzimbiri imene ambiri amaiyesa chitsulo, nayonso iyenera kuchoka. Lagi inagona pa chitsulo chowalacho mwachindunji, washa wa mano pamwamba pake, bawuti ya M8 n'kutulukira kunsi kumene inagwidwa ndi nati. Sikuluwu yodzibowolera yokha imagwira ndi mazinga awiri okha pa chitsulo chopyapyala, ndipo pa msewu wa mabampu siichedwa kumasuka. Titamanga zolimba, pamwamba ponse ndi kunsi komwe panapakidwa girizi. Chitsulo chopalidwa chikasiyidwa pamtunda, dzinja limodzi lokha ndi lokwanira kuti dzimbiri lilowe pansi pa lagi ndipo vuto liyambirenso.

Mbali ina ya earth imene imaiwalika ili kutsogolo. Magetsi akalowa m'bodi kubuti, amatulukira pa kawaya ka fakitale kolumikiza bodi ndi negativi ya batire, kamene sikanapangidwire katundu wowonjezera wa 45A. Pa kuyeza koyamba kaja, 0.2V mwa 1.9V inkatayika pamenepa. Tinatsuka malo ake ndi kuwonjezera waya wina wa 4 AWG pambali pake, osachotsa wakaleyo. Magalimoto ena a ku Japan ali ndi sensa yoyeza magetsi pa waya wa negativi, pafupi ndi mutu wa batire. Pa oterowo waya wowonjezera asailambalale, apo ayi kompyuta imawerenga molakwa ndi kusokoneza katchajidwe.

Kachidutswa ka pa REM kanachotsedwa, ndipo remote inatengedwa kumbuyo kwa wailesi pa waya wa buluu wokhala ndi mzere woyera. Pali winanso wa buluu yekhayekha, wa eriyo, amene pa mawailesi ambiri amakhala ndi magetsi pokhapokha FM ikamalira. Mukalumikiza kumeneko, amplifaya imazima mukangosinthira ku USB.

Pa amplifaya tinayamba kumanga GND, kenaka +12V, kenaka REM, RCA pomalizira. Timawaya tonse tilowe m'teminolo, pasatsale ndi kamodzi komwe kotuluka, pakuti GND ndi +12V zimakhala moyandikana. Capacitor sinabwezeretsedwe. Siipanga magetsi, imangosunga pang'ono n'kukhuthula m'kamphindi, ndipo pa mawaya oonda imangobisa vuto kwa besi imodzi kapena ziwiri. Kenaka fyuzi inalowa, negativi ya batire n'kubwerera.

Kulira kotsatira injini

Kulira kuja kumachokera ku alternator, ndipo kumalowa m'mawu pamene earth ya wailesi ndi ya amplifaya sizili pa mlingo umodzi. Earth ya amplifaya ikafooka, gawo la magetsi limafuna njira ina yobwerera, ndipo imene ilipo ndi chikopa chachitsulo cha RCA kupita ku wailesi. RCA yakale inali itasungunuka pang'ono pa mapulagi ake, umboni woti inasenza katundu amene si wake. Nthawi zina zimenezi zimawotcha kanjira ka earth m'kati mwa wailesi, ndipo kulirako kumapitirira ngakhale kubuti kutakonzedwa. Poyesa, wailesi itazima, mita ya ohm ikhudze kunja kwa soketi ya RCA ndi bodi ya wailesi. Apa inawerenga pafupifupi ziro, kusonyeza kuti wailesi inapulumuka.

Earth yatsopano itamangidwa kulira kunachepa kwambiri koma sikunatheretu. Titatulutsa wailesi tinapeza waya wake wakuda atapotokoledwa pa sikuluwu yolowa mu pulasitiki, kotero wailesi inkapeza earth kudzera pa chingwe cha eriyo chokha. Atamangidwa ndi lagi yaing'ono pa chitsulo cha kuseri kwa dashibodi, phokoso linatha. Kafyuluta kogula ka pa RCA sikanafunike, ndipo ndi bwino kusakathamangira earth zonse ziwiri zisanayezedwe, chifukwa ena mwa timafyuluta timeneti timadula besi.

Gain ndi zotsatira

Gain inapezeka itapotokoledwa mpaka kumapeto, bass boost nayonso chimodzimodzi. Gain si voliyumu, ntchito yake ndi kufananitsa mphamvu ya mawu ochokera ku wailesi ndi zimene amplifaya ingalandire. Pa 500W ndi 2 ohm, timachulukitsa 500 ndi 2 kupeza 1000, ndipo square root yake ndi 31.6V. Sipika itachotsedwa, bass boost ili pa ziro, wailesi ili pa magawo atatu mwa anayi a voliyumu yake, kaphokoso ka 50 Hz kakulira, gain inakwezedwa mpaka mita, ili pa AC volts, pa mateminolo a sipika itafika 31V, n'kusiyidwa pamenepo. Kupyola apo mawu amayamba kuphwanyika, ndipo mawu ophwanyika ndiwo amawotcha koyilo ya sipika.

Kuyeza komaliza kunachitika mofanana ndi koyamba. Pa 42A, batire inali pa 13.7V ndipo amplifaya pa 13.3V. Mbali ya pozitivi inkataya 0.25V, ya earth 0.15V. Kaphokoso koyesera kankaseweretsedwa masekondi ochepa okha nthawi iliyonse pofuna kusunga sipika, kenaka nyimbo wamba zinalira theka la ola pa voliyumu yokwera. Amplifaya sinazime, ndipo malagi onse ndi kabokosi ka fyuzi zinali zozizira pozikhudza. Kiyi atachotsedwa ndipo galimoto itakhala chete kwa mphindi zingapo, inkakoka 0.03A.

Kuphethira kwa nyali kunatsala pang'ono, injini ikamalira payokha pamene choziziritsa mpweya, fani ndi nyali zonse zayaka. Ichi si cha mawaya. Alternator ya 80A imapereka mphamvu zake zonse injini ikathamanga, ndipo ikamalira payokha imapereka zocheperapo, pamene galimoto yokha ikudya kale gawo lalikulu. Galimoto ikangoyamba kuyenda kuphethirako kumatha. Pa amplifaya ya kukula uku zimenezo n'zovomerezeka. Mwini wake anauzidwa kuti akafuna kuwonjezera ina yachiwiri, kuwerengera kuyambirenso pa alternator ndi waya wake wopita ku batire, kuti asamaseweretse nyimbo nthawi yaitali injini itazima, ndiponso kuti pakatha mwezi abwere kuti bawuti ya earth ndi masikuluwu a pa amplifaya zimangidwenso, pakuti timawaya ta mkuwa timakhazikika pambuyo pomangidwa koyamba ndipo sikuluwu imatsala yolefuka.